Foni m'Thumba la Jekete

Tara amathera kuseri kwa Sveg.
Kuchoka pamenepo matayala amangokukuta chipale,
mitengo ya paini ili ndandanda mbali zonse,
mpaka pa geti pomwe Majken, mlongo wanga,
anakhomerapo chitini cha mabisiketi.
Lamulo lake ndi limodzi:
foni, wotchi, makiyi a galimoto,
zonse m'chitini, vindikira, kenako lowa.

Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo
ankawerengera anthu ndalama ku banki ku Östersund.
Zinayambira m'masaya, kutentha ngati wapsa ndi dzuwa
pakati pa Januwale,
mwezi womwe dzuwa kuno limangosuzumira n'kubwerera.
Kenako mutu waching'alang'ala,
m'kamwa ngati wanyambita khobidi,
tulo n'kuyamba kumuzemba ngati wangongole.
Iye anati ndi kompyuta.
Anati ndi wayifayi wa aneba,
ndi mababu aatali a mu ofesi aja ong'ung'udza.
Madokotala anamukhazika m'kachipinda,
kuyatsa makina, kuzimitsa, osamuuza.
Anapsa atayatsa. Anapsanso atazimitsa.
Iwo analemba kuti ululuwo ndi weniweni,
koma wouyambitsa sakupezeka.

Ine ntchito yanga ndi kukwera nsanja za netiweki.
Lamba m'chiuno, sipanala m'manja,
ndimamangirira zomwe iye akuthawa.
Malire ndimawadziwa:
mlongoti ukayaka sitiima kumaso kwake,
umafunditsa mnofu, zimenezo sindikana.
Koma kafoni? Ndinamuuzapo kamodzi.
Anati, Sixten, nsapato ikamaluma
umafunsa wosoka kapena phazi?
Ndinameza mawu, ndipo akadali pakhosi.

Lachisanu lija bambo anali gone kuchipatala.
Namwino anati aimba zikasintha.
M'chitini ndinaponyamo makiyi ndi wotchi, khwechere,
mokweza, kuti amve ali pakhonde.
Foni ndinaitseka pakamwa
n'kuisiya pamtima, m'thumba la jekete,
ili ndi kamzere kamodzi kokha.
Ndipo ine ndikudziwa, ndi ntchito yanga,
kuti kutchire foni imakuwa kwambiri
pofunafuna nsanja yakutali.

Anandikumbatira pakhomo,
tsaya lake pathumba lomwelo.
Tinakhala pambali pa mbaula, nyali ya parafini ikuphethira.
Anawiritsa khofi, n'kunyema buledi wouma uja wolira m'mano.
Anafunsa za bambo. Ndinati akulimba.
Anati sabata ino mutu uli mbee,
kuno ndiye munthu amapuma.
Anaseka mpaka kuoneka dzino lake lobenthuka,
lomwe ndinalibenthula ndine tili ana.
Kenako anagona pampando, bulangete mpaka m'khosi,
kamkonono kakang'ono, ngati ka mphaka.

Ine maso gwa.
Ndinati ndapeza umboni, mawa ndimuuza.
Ndinati ndine wakuba, ndalowa ndi moto m'nyumba ya udzu.
Pakati pa usiku tsaya langa linayamba kutentha.
Pachifuwa, pomwe panali foni,
panayabwa ngati ndagona pa chitedze.
Ine, wokwera nsanja.

Inanjenjemera cha m'ma folo.
Ndinatuluka mosenza nsapato.
Kunja kuli zii, chisanu cholasa mano,
mawu a namwino akudukaduka,
koma omwe anafika anakwana.
Bambo atsogola.

Ndikamuuza, afunsa kuti wamva bwanji.

Ndinayenda mpaka pa geti, chipale m'mawondo.
Ndinatsegula chitini, kuikamo foni, kuvindikira,
kuti bodza langa likhale ndi mapazi,
opita ndi obwerera.
Ndinaima pamenepo mpaka zala zitafa.

Potembenuka, pawindo nyali inali itayaka kale.
Majken ali chilili pakhomo, bulangete paphewa,
dzanja limodzi pa tsaya.
Kaya likutentha,
kaya wangogwira monga agwirira munthu
amene wadziwa maliro asanauzidwe,
mtunda unali wautali, sindinathe kuona.
Ndipo sindinafunse.